Njinga ya Anganga Yalowa Koleji

(Ndi ku Nayuchi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pansi pa mango pali njinga yamoto yoimikidwa pa sitandi, matumbo ake atayalidwa pa chiguduli: timabawuti, tcheni, kabuleta yophwasula. Mdzukulu wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ku Blantyre, ndipo wagwada pamenepo, foni waitsamiritsa pa njerwa. Anganga ali pakhonde, beseni pakati pa miyendo, akutsuka mapoto. Njingayi ndi yawo. Anaigula ndi ndalama za mpunga wa zaka ziwiri, ndipo amaibwereketsa kwa mnyamata wa kabaza amene amawatulira kangachepe madzulo alionse.)

ANGANGA: Amuna anga, odwalawo adzuka bwanji?

MDZUKULU: Palibe akudwala pano, Anganga. Ndikungoiwonjezera mphamvu.

ANGANGA: Eya. Agogo ako aamuna nawonso anawaika diripu n'kumati akuwawonjezera mphamvu. Lachitatu lake tinali kuphika nsima ya pamaliro.

MDZUKULU: Inu ndi zoopseza. Uku ndi kutchuna injini. Anthu amachita dziko lonse lapansi.

ANGANGA: Kutchuna ndimakudziwa ine. Wailesi ukaitchuna imasiya phokoso n'kuyamba kulankhula zomveka. Iyi chiitchunireni ikungotukwana mudzi wonse. Dzana m'bandakucha ashehe ali mkati moitanira swala, iwe n'kuiliza. Anthu ena anapita kumzikiti, ena anathawira kumadimba ndi mikeka pamutu poyesa kuti Renamo yabweranso.

MDZUKULU: Mukuwonjezera pamenepo.

ANGANGA: Ndikuwonjezera? Iwe unali usanabadwe. Ife tinagona m'thengo muno zaka za m'ma 1980, sitima itasiya kuwoloka kupita ku Nacala, anthu akubwera kuchokera ku Entre Lagos ndi mitolo. Kulira kwa mfuti timakudziwa. Njinga yangayi tsopano ikulira chimodzimodzi, phaa! phaa! makamaka ukasiya moto.

MDZUKULU: Kuphulikako n'kochepa chabe, ndikukonza. Ndaboola sailensa, ndachotsamo zotsekereza za mkati. Tamvani, Anganga. Injini imachita zinthu zinayi. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya ndi petulo. Ikakwera imazifinya. Pulagi imayatsa moto, zimaphulika, pisitoni imakankhidwa, ndiyo mphamvuyo. Kenako imakweranso n'kutulutsa utsi. Tsono utsi ukamatuluka mosavuta, injini imapuma bwino.

ANGANGA: Kudya, kutafuna, kumeza, kutulutsa.

MDZUKULU: Mwakhoza ndithu.

ANGANGA: Ndiye iwe pa zinayizi wasankhapo kukulitsa kotulutsira.

MDZUKULU: Anganga!

ANGANGA: Ndikungofunsa. Chifukwa kwathu kuno munthu akamatulutsa mpweya mokweza chonchija sitinena kuti ndi wamphamvu. Timati wadya nandolo wosapsa.

MDZUKULU: Sekani, koma manambala sanama. Lolemba ndinaiyesa pa tara wa ku Ntaja. Kale inkalekera pa 90. Tsopano yafika 96.

ANGANGA: Unanyamula chiyani?

MDZUKULU: Palibe. Poyesa liwiro sanyamula katundu.

ANGANGA: Unakweza ndani?

MDZUKULU: Ndinali ndekha.

ANGANGA: Pamtunda kapena pamtsetse?

MDZUKULU: Panali potsetsereka pang'ono.

ANGANGA: Mphepo?

MDZUKULU: Inali kumbuyo. Komanso ndinagona pa thanki kuti mphepo isandigwire pachifuwa.

ANGANGA: Ndiye kuti ndikauze odwala opita kuchipatala, ndi amayi a madengu a matemba, kuti kuyambira lero azigona pa thanki. Chabwino. Tsopano imva manambala anga, nanenso ndili nawo. Mnyamata uja ankapita ku Nsanama n'kubwerako ndi mabotolo awiri a petulo. Dzulo wathira atatu, wachitatuwo wathera pakhomo pa eni ake, wafika kuno akukankha. Lachinayi wanyamula matumba awiri a mpunga, wafika pamchenga paja pafupi ndi njanji, njinga yangoti bwii, osasuntha. Wapanikiza kilatchi mpaka yanunkha ngati tsitsi lopserera. Mwini mpunga watsitsa matumba ake n'kukweza pa njinga ya King Lion ya mnzake. Ndalama ya tsiku limenelo ili kuti? Kapena ili mu 96 muja?

MDZUKULU: Mnyamatayo sadziwa kuyendetsa njinga yotchuna. Imafuna kuipatsa moto wambiri ponyamuka.

ANGANGA: Wayendetsa chaka ndi miyezi inayi osagwa, osakanirira pamchenga. Iwe wabwera sabata ziwiri zapitazo. Tandiuza, kachitsulo ka mano kamene kali m'thumba la malaya akoko, n'kachiyani?

MDZUKULU: Ndi sipuloketi yakutsogolo, yakale. Inali ya mano 14. Ndaika ya mano 16.

ANGANGA: Yakumbuyo?

MDZUKULU: Sindinaikhudze. Ili ndi mano 41. Mukuona, kale injini inkazungulitsa yakutsogoloyi pafupifupi katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Tsopano ikuzungulitsa kawiri ndi theka basi. Ndiye kuti pa kulira komweko kwa injini, njinga ikupita patali.

ANGANGA: Nanga mphamvu yokokera?

MDZUKULU: Imatsikako pang'ono.

ANGANGA: Pang'ono pake ndi pati? Ukakhala pa manambala usamalankhule ngati wandale.

MDZUKULU: Gawo limodzi mwa magawo 8.

ANGANGA: Ndiye kuti pa ng'ombe 8 zokoka ngolo wamasulapo imodzi, zotsalazo n'kuziuza kuti zizithamanga. Mwana iwe, zimenezi agogo ako ankazidziwa asanaone n'komwe khomo la sukulu. Anali ndi Humber yawo yopalasa ija ili m'khitchinimo. Inabwera ndi fuliwilo ya mano 18. Atayamba geni ya nsomba, kukapikula matemba ndi milamba ku Chilwa, makumba ku Chiuta, anaichotsa n'kuika ya mano 22. Anzawo ankawaseka kuti akupalasa ngati akupeta mpunga, miyendo ikungozungulira. Koma pamchenga anzawowo ankatsika n'kumakankha, iwo akudutsa ali pachishalo, madengu awiri kumbuyo, akuwapatsa moni.

MDZUKULU: Imeneyo ndi njinga yakapalasa. Iyi ndi injini.

ANGANGA: Tcheni ndi tcheni. Sidziwa ngati akuikoka ndi mwendo kapena ndi petulo.

(Apa nkhani yaima yokha. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize ikunyamuka kulowera ku malire, ndipo ku Nayuchi sitima imeneyi ikamadutsa palibe amapitiriza mkangano. Anganga akungokwecha poto, akuwerenga mabogi ndi milomo monga amachitira tsiku lililonse ngakhale kuti palibe anawatuma. Mdzukulu wapezerapo mpata wobweza kumbuyo kanema wa pafoni.)

ANGANGA: Waiona?

MDZUKULU: Ndaiona, Anganga. Ndakhala ndikuiona chibadwire.

ANGANGA: Mabogi oposa 100, onse odzaza. Ponyamuka ngakhale nkhuku ikhoza kuipitirira. Koma unamvapo kuti yakanirira panjira, oyendetsa atsika akukankha? Njanji iyi ndinaiona akuiyala ine ndili mtsikana, 1970 sitima yoyamba n'kudutsa kuchokera ku Nkaya. Kuyambira pamenepo sindinaonepo woyendetsa sitima atagona pa thanki.

MDZUKULU: Sitima ndi ya katundu.

ANGANGA: Nanga yangayi ndi ya ukwati?

MDZUKULU: Chabwino, za sipuloketi tikambirana. Mwina ndibwezera ya 15, tigawane pakati.

ANGANGA: Ukufuna kugawana nane mano a njinga yanga yomwe. Uli ngati mkamwini wodula mango a apongozi n'kuwapatsako nthambi. Nanga ako aja a pafoni akuti chiyani? Mzungu uja wakhala akulankhula kuyambira m'mawa osamwa madzi.

MDZUKULU: Ameneyu ndi katswiri wa pa YouTube. Akufotokoza za kabuleta. Kabuleta ndi mmene mpweya umasakanizikirana ndi petulo. Muyezo wake ndi wodziwika: pa kilogalamu imodzi ya petulo pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya kuti zonse zipse bwino.

ANGANGA: Mpweya amauyeza pa sikelo? Ogula nandolo asamve zimenezi, ayamba kutidula kilo ya mpweya wa m'thumba.

MDZUKULU: Umalemera ndithu, koma pang'ono. N'chifukwa chake umafunika wambiri. Lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Tinene kuti migolo 45 ya malita 200.

ANGANGA: Migolo 45 pa lita imodzi.

MDZUKULU: Eya. Ndiye ndinaona kuti chotsekereza chachikulu ndi eyakilina. Mumakhala siponji yonyowa ndi oyilo, mpweya umavutika kudutsa. Ndinaichotsa kuti injini izikoka momasuka.

ANGANGA: Tadikira. Tayang'ana uko.

MDZUKULU: Kuti?

ANGANGA: Kubwalo la mpira uko. Ukuona chiyani?

MDZUKULU: Kamvuluvulu.

ANGANGA: Wanyamula chiyani?

MDZUKULU: Fumbi.

ANGANGA: Mzungu wakoyo kwawo kuli kamvuluvulu wotere? Tamufunsa. Kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba timadya fumbi, timamwa fumbi, ufa timasefa kawiri. Chilwa itaphwa mu 1995, ndi posachedwa pompa mu 2018, anthu ankayenda pansi pamene pankayenda mabwato, mphepo ikabwera mumangomva mchenga kukukutika m'mano. Ndiye iwe watenga migolo 45 ya mpweya wa ku Nayuchi n'kuithira m'mimba mwa njinga yanga yosasefa. Pa lita imodzi! Mchengawo ukalowa umapita kuti?

MDZUKULU: Wambiri umatuluka ndi utsi.

ANGANGA: Wotsalawo?

MDZUKULU: Umasakanizika ndi oyilo wa m'mbali mwa silinda.

ANGANGA: N'kumatani?

MDZUKULU: N'kumapala. Maringi a pisitoni amadyeka, silinda imakula, injini imayamba kufuka ndi kumwa oyilo.

ANGANGA: Ngati mmene ndimakwechera mapoto ndi mchenga.

MDZUKULU: Inde. Koma zimatenga nthawi, Anganga.

ANGANGA: Zimatenga nthawi yoti iwe ukhale utabwerera ku Blantyre. Ndakumva.

MDZUKULU: Ayi, sindinatero. Kunena zoona, nditachotsa siponji ndi kuboola sailensa, mpweya unachuluka kuposa petulo. Injini inayamba kutentha kwambiri, ndiye kuphulika munamva kuja. Ndinatsegula pulagi, ndinaipeza yoyera mbuu.

ANGANGA: Kuyera si ukhondo?

MDZUKULU: Kwa pulagi ayi. Ikayera ndiye kuti moto wachuluka ukali, ukhoza kuboola pisitoni kapena kuwotcha vavu. Ikada bii ndiye kuti petulo wachuluka, sakupsa yense. Yabwino imakhala yofiirira, ngati mandasi okazinga bwino.

ANGANGA: Ukanangonena kuti ndi mafuwa. Nkhuni zikachepa mphepo n'kuchuluka, moto umalusa, phulusa limatsala loyera, poto amabooka pansi. Ukapanikiza nkhuni zambiri mpweya osalowa, ndi utsi wokhawokha, mwaye kudenga, nkhuni zatha nsima sinapse. Zimenezi mpaka kulipira fizi?

MDZUKULU: Ku koleji timaziphunzira ndi masamu ake.

ANGANGA: Masamuwo anakuuza kuti utani pulagi itayera?

MDZUKULU: Kuti ndiwonjezere petulo. Mu kabuleta muli kachitsulo kotchedwa jeti, kali ndi kabowo kakang'ono kodutsa petulo. Pamafunika kuika ina ya bowo lokulirapo pang'ono. Zimakhala ndi manambala, umakwera nambala imodzi imodzi n'kumayesa.

ANGANGA: Unakaigula kuti?

MDZUKULU: Kuno kulibe. Ndinafunsa amakaniko a pamsika, akuti mwina ku Liwonde, apo ayi ku Limbe kapena ku Cuamba.

ANGANGA: Ndiye?

MDZUKULU: Ndinakulitsa yomweyo.

ANGANGA: Ndi chiyani?

MDZUKULU: Ndi singano.

ANGANGA: Singano iti?

MDZUKULU: Ija imakhala pa khoma, pafupi ndi kalendala.

ANGANGA: Yosokera matumba! Masiku anayi ndakhala ndikunamizira ana a eni kuti andibera. Singano yosokera matumba a mpunga, yonenepa ngati msomali, ndiye wailowetsa m'kabowo kamene ukuti kamayezedwa ndi manambala?

MDZUKULU: Nsonga yokha, Anganga. Koma jeti ndi yamkuwa, ndi yofewa. Dzanja linapitirira pang'ono.

ANGANGA: Pang'ono kachiwiri. Tandionetsa pulagiyo lero.

(Mdzukulu wanyamuka monyinyirika, wapereka pulagi. Anganga aigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yakufa, aipukuta pa chala, chala chada.)

ANGANGA: Mandasi awa ngakhale agalu sangadye. Ndiye botolo lachitatu lija ndi ili, lasanduka mwaye. Unayamba ndi njinga yodya bwino, waisandutsa yanjala, kenako waisandutsa yosusuka. Bowolo lingabwerere?

MDZUKULU: Silingabwerere. Pafunika jeti yatsopano.

ANGANGA: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

MDZUKULU: Koma musaiwale kuti petulo wakenso amasiyana. Uyu wa m'mabotolo nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala za m'zigubu. Wa pa filing'i siteshoni kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol. Ethanol amafuna mpweya wochepa poyerekeza ndi petulo, ndiye akachuluka, injini imakhala ngati yachepekedwa mafuta. Wotchuna amayenera kudziwa zimenezi.

ANGANGA: Ethanol ameneyo ndiye chiyani?

MDZUKULU: Amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe akapanga shuga. Amazisasitsa n'kuzitcheza. Fakitale ina ili ku Dwangwa, inayamba kalekale mu 1982, ina ili ku Chikwawa.

ANGANGA: Kusasitsa n'kutcheza. Kachasu.

MDZUKULU: Tinene kuti ndi pachibale.

ANGANGA: Subuhana! Njinga yanga, yogula ndi thukuta langa, yonyamula ashehe Lachisanu, yakhala ikumwa kachasu chaka chonse ine osadziwa?

MDZUKULU: Galimoto zonse zoyendera petulo m'Malawi muno zimamwa, Anganga.

ANGANGA: N'chifukwa chake zimayenda chonchija. Usakawauze ashehe zimenezi, nkhani ya phokoso ija sinathe.

MDZUKULU: Palinso kukwera kwa malo. Kuno tili pansi, mamita 600 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere. Ku Dedza ndi pafupifupi 1,600. Kumtunda mpweya umapepuka, ndiye jeti yoyenera kuno ikhoza kumwetsa petulo wambiri kumeneko.

ANGANGA: Njinga yanga ikukatani ku Dedza? Ili ndi chibwenzi kumeneko? Iyi malire ake ndi Ntaja, ikatalikitsa ndi Liwonde. Tandiuza chinthu chimodzi, Che Injiniya. Unkafuna ifike pati?

MDZUKULU: Ndinkalakalaka 120.

ANGANGA: Zikanatheka?

MDZUKULU: Kunena mwa masamu, ayi. Chimene chimagwira njinga ikamathamanga ndi mphepo. Ukafuna kuthamanga kawiri, mphamvu yolimbana ndi mphepo imafunika ka 8. Kuchoka pa 90 kufika pa 120 pamafunika mphamvu yoposa kawiri imene ilipo. Kainjini ka 125 aka kali ndi mahatchi 10 kapena 11. Kuboola sailensa sikungabereke mahatchi ena 12.

ANGANGA: Mahatchi ali mmenemu?

MDZUKULU: Ndi muyezo chabe wa mphamvu.

ANGANGA: Ine hatchi ndinaiona kamodzi ku Zomba, inali imodzi, ndipo inali yaikulu kuposa njinga iyi. Koma leka zimenezo. Masamu amenewa unawadziwa liti? Usanatenge singano yanga kapena utatenga?

MDZUKULU: Tinaphunzira chaka chatha.

ANGANGA: Ndiye mutu unkadziwa, koma manja ankayabwa.

MDZUKULU: Anganga, mukungoona zolakwika. Kodi m'mawa njinga iyi inkalira pa kiki yachingati ndisanabwere?

ANGANGA: Yachikhumi. Nthawi zina mnyamata ankachita kuitsetsereza pa chulu.

MDZUKULU: Sabata yoyamba ija, ndisanakhudze sailensa?

ANGANGA: Kamodzi.

MDZUKULU: Mwati?

ANGANGA: Ndati kamodzi, sindinadye mawu. Makutu ako aboola ndi sailensa yomweyo?

MDZUKULU: Ndinatchuna mavavu. Pakati pa vavu ndi kachitsulo kokankha pamafunika kampata kakang'ono, kosakwana n'komwe kukhuthala kwa lezala, ndipo amayeza injini itazizira. Kanali katatsekeka, vavu siinkatseka bwino, mphamvu inkathawira pamenepo. Ndinataya oyilo wakale, anali ngati phala la mawere, n'kuthira watsopano. Tcheni inali yolendewera mpaka kumenya chivundikiro, ndinaikunga n'kuipaka oyilo. Matayala anali ofewa, ndinapopa. Ndinatsuka kabuleta, munali matope ngati a m'munda wa mpunga. Masiku amenewo mnyamata wanu sanabweze chenje cha petulo?

ANGANGA: Anabweza. Ndinadabwa, ndinayesa walapa.

MDZUKULU: Ndiye kumeneko sikutchuna?

ANGANGA: Kumeneko ndi kusamalira. Ukanalekera pomwepo bwenzi ndikukuphera nkhuku, ndikuuza mudzi wonse kuti amuna anga ndi injiniya. Koma iwe ichi chakoma, ichi chakoma. Unaona yachira, ukuti tsopano tiichite opaleshoni.

MDZUKULU: Munthu umafuna kuona pamene chinthu chingafike.

ANGANGA: Ukachione pa chako. Amene anapanga njingayi anali opusa kuti aikemo siponji ndi mano 14?

MDZUKULU: Sanali opusa. Ndipotu nkhani yake ndi yosangalatsa. Injini iyi ndi ya ku China, koma anatengera ya Honda yotchedwa CG125, imene inatuluka mu 1975. Chaka cha 1974 akatswiri a Honda anayenda m'maiko ngati Thailand, Indonesia ndi Pakistan kukaona mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga. Anapeza banja lonse pa njinga imodzi, katundu mpaka kumwamba, oyilo osasintha mpaka atada, fumbi paliponse. Atabwerera ku Japan anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza, yokoka katundu, ndipo anaikamo siponji yoti munthu azitha kuichapa n'kuibwezeramo m'malo mogula ina.

ANGANGA: Tabwereza pomalizapo.

MDZUKULU: Siponji yoti azichapa n'kuibwezeramo.

ANGANGA: Ndiye anthu anachoka ku Japan, kukwera ndege, kuzungulira maiko a eni, kupsa ndi dzuwa, kuti apangire ine nkhalamba ya ku Nayuchi njinga yonyamula mpunga pafumbi. Iwe wachoka pa Blantyre pompa, pa minibasi, kudzachotsa zonsezo.

MDZUKULU: Mukanena choncho zikumveka moipa.

ANGANGA: Zinenedwe bwanji kuti zimveke bwino? Ndiziimba?

(Mdzukulu wazimitsa foni. Mzungu wa kabuleta uja wadulidwa pakati pa mawu, ndipo palibe wamudandaula. Kwa kanthawi kukungomveka nkhunda ndi kukwecha kwa poto.)

MDZUKULU: Chabwino. Sipuloketi ya 14 ndibwezera lero lomwe. Sailensa ndipita nayo kwa owotcherera, atseke mabowo, ngakhale kuti za mkati zija ndinaziphwanya pochotsa. Mbale za kilatchi ndiziona ngati zapsa. Jeti ndikagula ku Liwonde.

ANGANGA: Ndi ndalama za yani?

MDZUKULU: Ndimati mwina mundibwereke.

ANGANGA: Amuna anga, ukwati wathu ndi wa pakamwa, sunafike pa thumba. Uli ndi nsapato ziwiri zoyera m'chikwamamo, munthu wa miyendo iwiri yokha. Mnyamata wa kabaza wakhala akuzisirira.

MDZUKULU: Nsapato zanga, Anganga?

ANGANGA: Kapena foniyo, pamodzi ndi mzungu wake.

MDZUKULU: Nsapato zomwezo. Tsono chofunika kwambiri ndi siponji ija, njinga isalirenso popanda imeneyo. Ndinaisiya pa zenera apo. Mwaiona? Yakuda, yofewa, yaikulu ngati chikhatho.

ANGANGA: Yonunkha oyilo?

MDZUKULU: Yomweyo.

ANGANGA: Yoboola pakati ngati chipewa chopanda denga?

MDZUKULU: Eya, eya! Ili kuti?

(Anganga atulutsa dzanja m'beseni. Pa chikhatho pali kanthu kakuda kothothoka m'mbali, kakuchucha thovu la sopo ndi makoko a nsima.)

MDZUKULU: Anganga! Imeneyo ndi eyakilina!

ANGANGA: Unati ndi chotsekereza. Ndinakumva ndi makutu angawa ukuuza mnyamata kuti ilibe ntchito. Pakhomo pano chinthu chopanda ntchito timachipezera ntchito. Ndinaichapa katatu ndi madzi otentha kuti oyilo achoke.

MDZUKULU: Koma yachepa bwanji? Inali yaikulu kuposa apa.

ANGANGA: Ndinaidula pakati. Theka linalo ndinapatsa azakhali ako, apita nalo ku Entre Lagos. Akuti kumeneko anthu akufunsa kuti zimagulitsidwa kuti.

MDZUKULU: Ndiye njinga siyenda mpaka nditabwera ndi ina. Ndipita bwanji ku Liwonde? Sitima ya anthu yadutsa kale.

ANGANGA: Humber ya agogo ako ili m'khitchinimo. Popa matayala, uchotse nkhuku ikuikira pa kaliyala. Mano 22, pamchenga sutsika. Ukanyamuka m'bandakucha ukafika dzuwa lisanalowe, ndipo ashehe sakumva n'komwe.

MDZUKULU: Ndikafika nditafa.

ANGANGA: Ukatopa ugone pa handulo, mphepo isakugwire pachifuwa. Ndipo tamvera, ukakapeza masiponjiwo ugule awiri. Inayo ndi yanga. Poto uyu chimugulireni sanawalepo chonchi.